Irezumi, Horimono, Tatū: Mayina a Mphini ku Japan

Pakhomo la onsen, malo osambirako madzi otentha a pakasupe ku Japan, nthawi zambiri pamakhala kachikwangwani. Amakapachika pafupi ndi mashelefu a nsapato, pomwe munthu amawerama kuti avule, kuti pasapezeke wonena kuti sanakaone. Amajambulapo msana wa munthu wodzaza zithunzi, n'kudulapo mzere wofiira. M'munsi mwake amalembamo mawu awiri: irezumi ndi tatū. Mwini malo amadziwa kuti akalemba limodzi lokha, wina adzabwera n'kunena kuti zake si zimenezo.

Ifeyo mawu akuti mphini amatikwanira. Za pamasaya a agogo aakazi ndi mphini, zotemedwa kwa sing'anga n'kupakamo mankhwala ndi mphininso. Mjapani ali ndi mayina angapo a inki yomweyo ya pakhungu, ndipo akangosankha dzina, mlandu wauweruza kale.

Irezumi ndi dzina lolemera. Lidachokera ku ireru, kulowetsa, ndi sumi, inki yakuda yopangidwa ndi mwaye. Kungolimasulira lilibe vuto, koma mbiri yake ndi ya kundende. Kuyambira 1720, pa ulamuliro wa Tokugawa Yoshimune, boma lidayamba kulemba akuba ndi inki m'malo mowadula mphuno kapena makutu. Ena ankawazunguliza mizere pamkono, ena ankawalemba pachipumi. Kudera la Hiroshima ankachita mochenjera mwankhanza: mlandu woyamba mzere umodzi, wachiwiri kuwonjezera wina, ndipo pofika wachitatu pachipumi pankawerengeka chilembo chotanthauza galu. Chilango chimenechi chidathetsedwa mu 1870, patatha zaka 150. Koma dzinalo silidasambe.

N'chifukwa chake amisiri ambiri akale salikonda. Iwo amati horimono, kuchokera ku horu, kusema. Ndi mawu omwewo amene amatchulira zosema za pamtengo, ndipo kwa ife amene timati kutema mphini sakumveka achilendo. Wochita ntchitoyi ndi horishi. Akamaliza kuphunzira, mphunzitsi wake amamupatsa dzina la ntchito loyamba ndi Hori, monga Horiyoshi III wa ku Yokohama, ndipo dzinalo limatha kudutsa mibadwo ngati dzina la ufumu.

Horimono idakula mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo. Cha m'ma 1827 wojambula Utagawa Kuniyoshi adayamba kutulutsa zithunzi za ngwazi za m'buku la ku China lotchedwa Suikoden, zigawenga 108 zolimbana ndi akuluakulu a boma okonda ziphuphu. Zina mwa ngwazizo adazijambula thupi lonse lili zinjoka, akambuku ndi maluwa. Anthu wamba adatengeka. Amtengatenga, onyamula anthu pamachila, akalipentala, makamaka hikeshi, ozimitsa moto a mumzinda wa nyumba zamatabwa umene unkapsa kawirikawiri. Hikeshi ankakonda chinjoka chifukwa kwawoko chinjoka ndi chilombo cha madzi ndi mvula. Wolowa m'moto atabereka chinjoka kumsana ankati wanyamula chitetezo. Awa adali anthu ogwira ntchito atavula malaya, ndipo khungu ndilo lidali chovala chawo chodula.

Kalembedwe ka pamanja kamatchedwa tebori. Munthu amagona pamphasa. Horishi amatenga kamtengo kakatali ngati chikhatho ndi theka, kamene kunsonga kwake amangirirako singano zingapo. Dzanja lamanzere limakoka khungu kuti likungike, kamtengoko n'kutsamira pachala chachikulu. Dzanja lamanja limakankha, kukweza pang'ono, kukankhanso, mobwerezabwereza, mpaka m'chipindamo kumangomveka kaphokoso ngati ka lumo lodya nsalu. Msana wonse umatenga zaka, munthu akumabwera sabata ndi sabata, kulipira pa ola. Sizodabwitsa kuti ena amangoitchula gaman, kupirira.

Koma mawu amene amandiuza zambiri ndi munewari. Horimono ya thupi lonse imalekeza dzanja lisanafike pomangira wotchi, imalekezanso khosi lisanayambe, ndipo pa munewari amasiya kanjira ka khungu loyera kuchokera pakhosi kutsika pakati pa chifuwa mpaka pamimba. Munthu akavala, ngakhale atamasula chovala kutsogolo, palibe chooneka. Ntchito ya zaka zambiri, ndalama zogulira galimoto, koma yokonzedwa kuti ibisike. Imatuluka pa masiku ake, monga pa chikondwerero cha Sanja Matsuri ku Asakusa mwezi wa Meyi. Mlendo wochokera kumene tatū amailemba pamkono kuti anthu aione amasemphana ndi Ajapani pomwepa, asanafike n'komwe pa nkhani ya zigawenga.

Mu 1872 boma la Meiji lidaletsa kulemba pathupi. Linkafuna kuti azungu asaone Japan ngati dziko lotsalira. Chodabwitsa n'chakuti azungu omwewo ndiwo adayamba kufunafuna ma horishi m'madoko. Kalonga wa ku Britain amene pambuyo pake adakhala George V adalembedwa chinjoka pamkono mu 1881, ndipo kalonga Nicholas wa ku Russia adachita chimodzimodzi ku Nagasaki mu 1891. Mwini mudzi akumangidwa, mlendo akulandiridwa. Ovutika kwenikweni adali akazi a mitundu ya kumalire: a Ainu a ku Hokkaido, amene sinuye yawo yozungulira milomo idaletsedwa mu 1871, ndi a ku Okinawa, amene hajichi yawo ya kuseri kwa manja idaletsedwa mu 1899. Zawozo zidali mphini zenizeni monga tikuzidziwira, za ukulu ndi ukwati.

Chiletso cha boma la Meiji chija chidachotsedwa mu 1948, koma pa zaka 76 za mumdima ntchitoyi idapeza makasitomala okhulupirika mwa a yakuza, magulu a zigawenga. Mafilimu a m'ma 1960 ndi 1970 adamaliza nkhani: munthu akavula kimono paphewa n'kuonetsa chinjoka, oonerera ankadziwa kuti magazi akhetsedwa. Mwini onsen sangaime pakhomo n'kumafunsa munthu ngati ali wa yakuza. Chapafupi n'kuletsa inki. Lero a yakuza achinyamata ambiri sakulembanso n'komwe, kuopa kudziwika, koma chikwangwani chija chidakalipo, chikukola anthu ena.

Tatū ndi dzina la chakunja, ndipo amalilemba m'zilembo za katakana zosungira mawu obwereka. Limanena za kalembedwe ka makina, kamene amisiri amati yōbori posiyanitsa ndi wabori ya kwawo. Kaduwa kapena kanyenyezi kamodzi pakakolo amakatcha wan pointo. Mtsikana wa ku Osaka amene ali nako angakwiye mutamuuza kuti ali ndi irezumi, koma agogo ake saona kusiyana. Kwa iwo thupi ndi mphatso yochokera kwa makolo, yosayenera kuiwononga, maganizo ochokera ku chiphunzitso cha Confucius.

Mlendo wongodutsa amakhululukidwa msanga, amati sadziwa. Wokhala konko ndiye amamva kulemera kwake. Kumalo olimbitsira thupi fomu yolembetsera imafunsa za inki. Kudziwe losambira la mzinda, kumene akufuna kuphunzitsa mwana wake kusambira, amamuuza kuti avale malaya. Mphunzitsi wa Chingerezi amavala malaya a manja aatali mwezi wa Ogasiti, thukuta lili kamukamu. Kawirikawiri palibe womukalipira. Wantchito amangobwera, kuwerama, kupepesa kambirimbiri, n'kutchula meiwaku, kusowetsa anzako mtendere. Mawu amenewa ndi ovuta kulimbana nawo, chifukwa sakunena kuti ndinu woipa. Akungoti wina m'madzimo sakhala womasuka, ndipo winayo simudzamuona.

Malamulo a dziko saletsa munthu wa inki kusamba. Ma sentō ambiri, mabafa a m'makwalala omwe anthu a m'dera amasambako tsiku ndi tsiku, amalola popanda funso. Woletsa ndi mwini malo. Bungwe la boma loona za alendo, Japan Tourism Agency, litafunsa mahotela ndi nyumba za alendo mu 2015, pafupifupi 56 mwa 100 aliwonse adati amakaniza, 31 adati amalola, ndipo 13 adati amalola munthu akaphimba. Izi zidadza patapita zaka 2 mayi wina wa Chimaori wa ku New Zealand, amene adapita ku Hokkaido kumsonkhano wa zinenero za eni nthaka, atabwezedwa pakhomo la bafa chifukwa cha tā moko, mphini za kwawo za pamilomo ndi pachibwano. Kukanizidwa ku Hokkaido, kwawo kwa sinuye! Pokonzekera mpikisano wa dziko lonse wa rugby wa mu 2019, bungwe la World Rugby lidalangiza osewera kuti aziphimba akakhala kumalo osambira, ndipo a ku New Zealand ndi Samoa adavomera.

Eni dziko nawo sapumula. Mu 2012 meya wa Osaka, Toru Hashimoto, adalamula ogwira ntchito mumzindawo oposa 30,000 kuti aulule ngati ali ndi inki pathupi. M'chigawo chomwecho cha Osaka wolemba tatū Taiki Masuda adaimbidwa mlandu wogwira ntchito ya udokotala popanda chiphaso, poti kubaya khungu ndi singano ndi za chipatala. Khoti loyamba lidamulipitsa mayeni 150,000 mu 2017, khoti lalikulu la Osaka lidamumasula mu 2018, ndipo mu Seputembala 2020 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo lidagamula kuti horishi safunika kukhala dokotala.

Pakadali pano anthu apeza njira zozembera. Wandalama amalipira kashikiri, bafa lobwereka la banja lokha, n'kutseka chitseko. Ena amagula shīru, kapepala komata kofanana ndi khungu. Kampani ya mahotela ya Hoshino Resorts idayamba kupereka timapepalati mu 2015, ta masentimita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali. Kanyenyezi ka pakakolo kamabisika bwinobwino. Chinjoka cha kumsana sichikwana, ndipo pachibwano cha mayi wa Chimaori uja palibe pomata.