Chaka chimene Nkhandwe zidalanda ufumu

Kwathu kuno kuchigwa cha Shire zaka timaziwerenga ndi madzi. Ukafunsa mayi wa ku Makhanga kuti mwana wake adabadwa liti, sakuuza mwezi, amangoti "chisanafike chigumula chija," ndipo aliyense amadziwa kuti akunena Januwale 2015, pamene Shire ndi Ruo adakokolola midzi mpaka Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Koma pakati pa ife abambo okhalira m'mavidiyo sho a pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, nyengo yomweyo ili ndi dzina lina: nthawi ya Leicester City.

Pamene anthu athu adali m'misasa ya m'masukulu, timuyi nayo idali m'madzi ofika m'khosi. Pofika kumayambiriro kwa Epulo 2015 idali pansi penipeni pa Premier League, ndipo onse adati yatuluka. Idapambana masewero 7 mwa 9 omaliza, n'kutsiriza pa nambala 14. Mphunzitsi amene adaipulumutsa, Nigel Pearson, adachotsedwa ntchito mu Juni, ndipo m'malo mwake adabwera Claudio Ranieri wa ku Italy, nkhalamba imene dziko la Greece lidangoithamangitsa chitagonjera tizilumba ta Faroe. A juga ku England adati wobetcha paundi imodzi kuti Leicester itenga ligi adzalandira mapaundi 5,000. Imeneyo ndi njira yaulemu yonenera kuti sizingatheke.

Muyenera kudziwa, owerenga, kuti kuno timu za ku England tidagawana kalekale ngati minda. Wakabaza ndi wa Chelsea, mphunzitsi wa pulayimale ndi wa Arsenal, ogulitsa nsomba za ku Dabanyi ndi a Manchester United, ndipo ife otsala, amene tidayamba kumvera mpira pa wailesi ya BBC tili ana, ndife a Liverpool. Jezi ya Leicester sindidaionepo pa kaunjika aliyense. Ngakhale dzinalo lidatipinda lilime. Ambiri ankati "Leyisesita" mpaka olengeza mpira adatiwongola.

Chidatigwira poyamba ndi Jamie Vardy. Mnyamata woonda ameneyu adakula akusewera timu zazing'ono kwinaku akugwira ntchito m'fakitale, ndipo Leicester idamugula ku Fleetwood Town mu 2012 pa mapaundi 1 miliyoni. Pa 28 Novembala 2015 adachinya Manchester United, kukwanitsa masewero 11 otsatizana akugoletsa, n'kufafaniza mbiri ya Ruud van Nistelrooy. Patangopita milungu iwiri adakwapula Chelsea 2-1, ndipo José Mourinho, amene adali atangotenga ligi mu Meyi, ntchito idamuthera pomwepo.

Kaseweredwe kawo kadali ka munthu wodziwa kuchepa kwake. Mpira ankausiyira adani kuti aziupatsirana, iwo atatseka kumbuyo ndi zimphona ziwiri, Wes Morgan ndi Robert Huth. Pakati padali N'Golo Kanté, kamunthu kakafupi kochokera ku Caen, kolanda mpira ngati mphamba pa anapiye. Akalanda, mpira umapita kwa Riyad Mahrez wa ku Algeria, kenaka kutsogolo kwa Vardy, basi chigoli. Masekondi ochepa okha. Ine ndimati ulemu wambiri udapita kwa ogoletsa, koma mwini ligi imeneyo adali Kanté; umboni wake ngwakuti atapita ku Chelsea chaka chotsatira, ligi idamutsatira komweko.

Tidakhala tikudikira kuti agwa liti. Khirisimasi itadutsa adagonja 1-0 ku Liverpool, ife n'kumati zayambika. Koma pa 6 Febuluwale 2016 adakathira Manchester City 3-1 pakwawo pomwe. Nyengo yonse adagonja katatu kokha, kawiri kwa Arsenal.

Miyezi imeneyo kunja kwa vidiyo sho kudalibe chosangalatsa. Mvula idadula, chimanga ndi mapira zidapserera m'minda, ndipo mu Epulo 2016 boma lidalengezanso za ngozi, ulendo uno ya chilala. Ku Nsanje amayi ankalowa m'madambo kukazula nyika, osasamala ng'ona. Ndinkachita manyazi kuona amuna akulipira pakhomo kuti aonere mpira m'kanyumba ka malata kotentha ngati uvuni, kwawo poto ali wovundikira. Komabe inenso ndinkalowa. Jenereta ikazima tinkakhala mumdima, osatuluka, kuopa kutaya benchi.

Ligi idatheka usiku wa Lolemba, pa 2 Meyi 2016, Leicester isakusewera n'komwe. Tottenham imafunika kupambana ku Chelsea, idatsogola 2-0, koma masewero adathera 2-2 Eden Hazard atabweza chigoli chachiwiri. Nthawi idali kuthamangira 11 koloko kuno kwathu. Usiku umenewo wa United adakumbatirana ndi wa Liverpool, chinthu chimene sindidachionenso. Leicester, timu yokhazikitsidwa mu 1884 imene idali isadatengepo ligi yaikulu, idatsiriza ndi mapointi 81, khumi pamwamba pa Arsenal. Vardy adachinya zigoli 24, Mahrez 17, ndipo Mahrez adakhala Mwafirika woyamba kusankhidwa ndi osewera anzake kukhala katswiri wa chaka ku England.

Anthu amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati ya mmphawi wogonjetsa olemera. Ine ndimakana pang'ono. Mwini timuyo, Vichai Srivaddhanaprabha wa ku Thailand, adali mpondamatiki, ndipo osewerawo sankadandaula za malipiro kapena basi yopitira ku masewero. Umphawi wawo udali woyerekeza ndi Manchester City, osati wathu uno. Chaka chomwecho Kamuzu Barracks idatenga Super League yathu koyamba, nayonso ili ndi boma kumsana.

Timu ya amphawi enieni tidaiona mu 2018, Nchalo United italowa Super League. Bwalo la Kalulu, limene akuluakulu athu amalikumbukira ndi masiku a Sucoma kampani ya shuga ikadali kusamala mpira, lidalandiranso alendo a ku Blantyre ndi Lilongwe. Timuyo idakhala nyengo imodzi n'kutuluka. Akulu adati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma Loweruka zambiri za chaka chimenecho ine ndidali pa benchi yanga ya masiku onse, kuyang'ana England.

Nkhandwe nazo ufumu sizidaukhalitse. Ranieri adachotsedwa mu Febuluwale 2017, patangopita miyezi 9. Vichai adafa pa ngozi ya helikopita kunja kwa bwalo lake pa 27 Okutobala 2018. Timuyo idatenga FA Cup mu 2021, idatuluka mu Premier League mu 2023, kubwerera, n'kutulukanso mu 2025. Jezi zake za buluu zidafika pa kaunjika wa pa Nchalo mochedwa, ndipo ndidagulira mwana wanga imodzi yolembedwa Vardy kumsana. Iye ndi wa Manchester City, amangoivala popita kudimba.