Abale Awiri a Banja la Maguire

Munthu akaima pa gombe la Nkopola ndi kuponya maso kutsidya la nyanja, amaona mapiri a kum'mawa. Cakumpoto kwa mapiri amenewo kuli dziko la Makanjira, kumene kunamangidwa linga lochedwa Fort Maguire. Dzina limeneli nla banja lina la ku Ireland, la mbusa wa mpingo m'dera la Limerick, limene ana ace awiri anayenda njira zosiyana kotheratu.

Cecil Maguire anali kapitao wa asilikali a pa akavalo ku Hyderabad m'dziko la India. M'caka ca 1891 Harry Johnston anamtenga kuti adzatsogolere asilikali acimwenye okwana ngati 70, ndipo iwowo ndiwo anali nkhondo yoyamba ya Boma latsopano. Caka comweco anamanga linga m'mbali mwa Shire, popenyana ndi mudzi wa Mponda, nalicha Fort Johnston. Ndico ciyambi ca boma la Mangochi.

Koma mwini mphamvu pa nyanja masiku amenewo anali Makanjira, mfumu ya Ayao, amene zombo zace za matanga zinali kuolotsa minyanga ndi akapolo. M'mwezi wa December 1891 Maguire anakwera sitima ya Domira kukaononga ziwiri za zombozo. Anatsikira m'madzi ndi anthu ace, nacita cimene anadzera. Koma pobwerera anthu a Makanjira anali atadzaza gombe ndi mfuti, ndipo iye anaomberedwa asanakwere m'sitima. Domira nayonso inatitimira mu mcenga, nikhala masiku angapo pakamwa pa mfuti. Pamenepo dotolo Boyce ndi McEwan, woyendetsa makina, anaitanidwa kumtunda monga kukatenga mtembo, ndipo onse awiri anaphedwa. Kapitaoyo sanakwanitse ndi caka comwe m'dziko lino. Makanjira anagonjetsedwa m'caka ca 1893, ndipo linga linamangidwa m'dziko lace, lochedwa dzina la mdani wace.

Mbale wace James Rochfort Maguire sanagwire mfuti. Anabadwa mu 1855, naphunzira ku Oxford, kumene anapalana ubwenzi ndi Cecil Rhodes, ndipo ubwenzi umenewo ndiwo unakhala munda wace. Pa 30 October 1888 iye ndi Charles Rudd ndi Francis Thompson anasainitsa Lobengula, mfumu ya Amandebele, pangano lopereka miyala yonse ya mtengo wapatali ya m'dziko lace. Mfumuyo inalonjezedwa mfuti 1,000, mapaundi 100 pa mwezi, ndiponso sitima ya pa Zambezi imene siinaoneke konse. Pa pangano limeneli panaima British South Africa Company, ndi cuma ca Rochfort comwe.

Apa ndipo njira ziwirizo zikomana. Kampani yomweyo inali kupatsa Johnston mapaundi 10,000 pa caka kuti ayendetsere Boma ndi asilikali ace. Tinganene kuti ndalama za kampani imene mbale mmodzi anathandiza kuiutsa ndizo zinalipira nkhondo imene mnzace anaferamo.

Rochfort analowa m'nyumba ya malamulo ya ku London mu 1890, ndipo mu 1895 anakwatira Julia Peel, mwana wa Sipikala wa nyumbayo, mdzukulu wa Robert Peel amene anakhalapo nduna yaikulu ya Britain. Awiriwa anazolowera maphwando a anthu omveka, ngakhale kuti nkhondo inawapezako kamodzi: Mabunu atazinga Kimberley kuyambira October 1899 kufikira February 1900, iwo anali m'katimo pamodzi ndi Rhodes, nabwerera kwao ali moyo. Mu 1923 Rochfort anakhala mkulu wa kampaniyo, namwalira mu 1925, patapita zaka 33 cifere mbale wace m'madzi a kwa Makanjira.