Basera

Basera ndi kanthu kamene wogulitsa amawonjezera mwaulere pamwamba pa chimene wogula walipira, monga achitira mayi wa pamsika wa Rumphi kapena wa Bolero, amene atalandira ndalama ya mulu wa tomato amatola wina mmodzi wakupsa bwino, namuika m'dengu ndi manja awiri, pakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo wogula wa lero ndiye mbale wa mawa. Mawu akuti basera anadza ndi makolo athu obwerera ku Joni, kumene Azulu amati bhansela.

Alendo okwera ku Chelinda pa Nyika, kapena otsetsereka ku Livingstonia kunka ku Chitimba, ali ndi mwambo wina umene amautcha tipi, m'mene wakudyayo ndiye asiyira ndalama woperekera zakudya; koma ine sindivomera kuti ziwirizi n'chimodzi, popeza tipi amaiyembekezera wantchito amene malipiro ake ali ochepa, pamene basera atuluka m'dzanja la mwini katundu.

Chondiwawa n'chakuti ena amatcha basera ndalama zogawidwa pamisonkhano ya ndale, zimene lamulo la zipani la 2018 linaletsa, pakuti woperekayo afuna voti.