Alendo a ku Cape Maclear ndi Eni Mudzi wa Chembe

Kummwera kwa nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, kuli mtunda wamapiri umene udalowerera m'madzi n'kugawa nyanjayo panthambi ziwiri. Kunsonga kwa mtundawo, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Chembe. Anthu akunja amadziwa malowa ndi dzina loti Cape Maclear, ndipo ambiri mwa alendo odzaona dziko la Malawi safuna kubwerera kwawo asanapondeko. Kawirikawiri mbiri ya malowa imakambidwa ngati mbiri ya alendo okhaokha: amishoni, eni mahotela ndi oyendetsa ndege. Koma munthu woifatsirira amapeza kuti pa ulendo uliwonse padali Mwafirika amene adasenza katundu, kumasulira chilankhulo kapena kuloza njira. Ntchito yoperekeza alendo imene anyamata a ku Chembe amagwira lero ili ndi mizu yakuya kuposa mmene ambiri amaganizira.

Dzina la Cape Maclear lidachokera kwa David Livingstone. Iye adafika koyamba panyanjayi mu September 1859 atayenda wapansi motsatira mtsinje wa Shire. Mu 1861 adabweranso ndi boti, ndipo pozungulira mapiri olowa m'nyanjawo adawatcha dzina la bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town, amene adamuthandiza kuphunzira kapimidwe ka malo poyang'ana nyenyezi. Motero gombe limene asodzi adali atalidziwa kuyambira kalekale lidalowa pamapu a ku Ulaya ndi dzina la munthu amene sadapondepo phazi pamchenga wake.

Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo wa Free Church of Scotland udaganiza zokhazikitsa mishoni yomukumbukira. Gulu loyamba lidanyamuka mu 1875 motsogozedwa ndi Edward Young, ndipo m'gulumo mudali dokotala wachinyamata Robert Laws. Iwo adabwera ndi sitima yaing'ono ya nthunzi yotchedwa Ilala, dzina la dera la ku Zambia kumene Livingstone adafera. Atafika kumunsi kwa mathithi a mumtsinje wa Shire, sitimayo idayenera kumasulidwa zidutswazidutswa. Mafumu a Amakololo adasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana amene adasenza zitsulozo pamutu, kukwera zitunda ndi kutsika zigwa m'dzuwa la chilimwe, kufikira atalambalala mathithi onse. Zimene amishoniwo adalemba zimachitira umboni kuti palibe chidutswa n'chimodzi chomwe chimene chidasowa. Omasulira awo adali Tom Bokwito ndi Sam Sambani, anyamata a kuno komwe amene adaomboledwa kwa ogula akapolo n'kukakulira ku South Africa. Pa 12 October 1875 Ilala idalowa m'nyanja ya Malawi, ndipo Mfumu Mponda ya Ayao itawalola, amishoniwo adamanga mudzi wawo pa Cape Maclear n'kuutcha Livingstonia.

Malowo adawasankha chifukwa padali doko labwino, lotetezedwa ku mphepo ya mwera ndi mapiri komanso zilumba. Koma kukongola kwa malo si umboni woti malowo ndi okhalika. Nthaka yolimapo idali yochepa, ntchentche za kashembe zidapha ng'ombe zawo, ndipo malungo adawagwira mmodzimmodzi, pakuti masiku amenewo anthu adali asanadziwe kuti matendawa amafala ndi udzudzu. Mu 1877 adamwalira Dokotala William Black ndiponso Shadrach Mngunana, mphunzitsi wa mtundu wa Axhosa wochokera kusukulu ya Lovedale. Pofika mu 1880 manda adali atakwana asanu, pamene wobatizidwa woyamba, Albert Namalambe, adabatizidwa mu March 1881. M'chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 idakwera kumapiri a Khondowe kumene ili mpaka lero. Namalambe ndiye adatsala akuyang'anira sukulu ndi mapemphero pa Cape Maclear.

Patangopita zaka ziwiri chisamukire amishoni, pamalopo padafika mlendo wa mtundu wina. Ameneyu adali Henry Drummond, mphunzitsi wa sayansi wa ku Scotland, yemwe adatumidwa kudzaona dziko ndi kukalemba zimene waona. M'buku lake lotchedwa Tropical Africa, limene lidasindikizidwa mu 1888, adafotokoza kuti adapeza nyumba zaukhondo, sukulu ya mabenchi ake ndi nyumba yosuliramo zitsulo, koma zonse zili zii, popanda mzungu ndi mmodzi yemwe. Iye akadatha kubwerera osamvetsa chimene chidachitika. Koma padatulukira munthu wa pamalopo amene adamutsogolera pang'ono kulowa m'nkhalango, kunsi kwa phiri lamiyala, n'kumuonetsa manda aja. Drummond sadalembe dzina la munthuyo, komabe chimene adachita ndicho chimene woperekeza alendo aliyense amachita: kutenga mlendo amene akungoona ndi maso n'kukamuimika pamalo pamene angamvetse. Manda omwewo ndiwo amene alendo amaonetsedwa mpaka pano.

Kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi Cape Maclear adakhala chete, gombe lili m'manja mwa asodzi ndi mabwato awo. Phokoso lidabwereranso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pa nthawiyo kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC inkayendetsa ndege zotera pamadzi, za mtundu wa Solent, kuchokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Ndegezi zinkauluka usana, n'kumatera pamitsinje ndi panyanja kuti okwera agone m'mahotela. Chakumapeto kwa 1949 Cape Maclear adasankhidwa kukhala amodzi mwa malo oterapo, ndipo hotela imene idamangidwa m'mbali mwa gombe idayamba kulandira anthu olemera a ku Ulaya. Anthu a m'midzi yozungulira adapeza ntchito zophika, kuchapa ndi kunyamula katundu. Koma akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chisanathe chaka cha 1950 kampaniyo idaleka kugwiritsa ntchito ndege zotera pamadzi, popeza mabwalo a ndege apamtunda adali atachuluka ndipo ndege zake zidali zaliwiro ndi zotsika mtengo. Hotela ija, imene msewu wake udali woipa, idasowa alendo ndipo posakhalitsa idatsekedwa. Chigamulo chimene chidapangidwira ku London chidathetsa ntchito za anthu a ku Nankumba popanda wowafunsa maganizo.

Dziko la Malawi litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, boma lidayamba kuona nyanja ngati chuma chokopera alendo. Ubale umene lidakhazikitsa ndi South Africa mu 1967 udachititsa kuti alendo ambiri azichokera kumeneko, ndipo pa Cape Maclear padali malo opumulirapo otchedwa Golden Sands. Komabe alendowo ankayenera kusamala. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi afupiafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, kotero kuti ena ankametedwa akamalowa m'dziko. Malamulowa adathetsedwa mu 1993, chaka chimene Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri.

Chimene chidasinthiratu mbiri ya Cape Maclear ndi tinsomba tating'onoting'ono timene asodzi sankatiwerengera kwenikweni. Timeneti ndi mbuna, nsomba za mawanga abuluu, achikasu ndi ofiirira zimene zimakhala m'miyala ya m'mphepete mwa zilumba. Akatswiri adapeza kuti nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndiponso kuti yambiri mwa mitunduyo sipezeka kwina kulikonse. Popeza mbuna sizikonda kuwoloka madzi akuya kapena mchenga wopanda miyala, chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mitundu imene kuchilumba choyandikana nacho kulibe. Nsomba yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atakhwima. Pofuna kuteteza zodabwitsazi, mu November 1980 boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park, paki ya makilomita 94 m'bwalo lake lonse, yophatikiza mapiri a Nankumba, zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo ndi Maleri, komanso madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malowa. Mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika pakiyi pamndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale sidasamutsidwe. Idatsala yozunguliridwa ndi paki. Eni ake adaletsedwa kuponya maukonde m'madzi otetezedwa ndi kudula mitengo yaiwisi m'mapiri, ndipo amayi ofuna nkhuni zouma adayenera kumatenga chilolezo. Malamulowa adadzetsa madandaulo, pakuti munthu sangakondwe kupempha chilolezo m'phiri limene makolo ake ankatolamo nkhuni mwaufulu. Koma paki yomweyo ndiyo idatsegula khomo la ntchito yatsopano.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ku Chembe kudayamba kufika achinyamata a ku Ulaya, Australia ndi maiko ena, oyenda ndi zikwama kumsana, ena pa magalimoto akuluakulu oyenda pakati pa Nairobi ndi Cape Town. Alendowa sankafuna mahotela apamwamba. Ankagona m'nyumba zotsika mtengo za m'mudzi momwemo, zina mwa izo za eni mudzi. Apa ndi pamene anyamata amene adakulira m'bwato adazindikira kuti zimene ankazidziwa chibadwire zidali malonda. Woperekeza alendo amadziwa nthawi imene mwera uyambe ndi pamene boti lingabisale. Amatengera alendo ku Thumbi kapena ku Otter Point, n'kuwabwereka magalasi oonera pansi pa madzi kuti asambire pakati pa mbuna. Amaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha alendo akujambula. Masana amawaotchera kampango kapena chambo pamakala, madzulo n'kuwaonetsa mabwato a usipa akulowa m'nyanja ndi nyali zawo. Ena amakwera nawo phiri, kuwaonetsa manda a amishoni ndi Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu limene mizere yake imafanana ndi mphini zotemedwa pathupi. Ambiri mwa anyamatawa adaphunzira Chingerezi chawo pagombe pomwepo.

Pamwamba pa operekezawa pali makampani okonza maulendo, amene ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja kwa dziko. Kampani yotere imalandira mlendo pabwalo la ndege, kumupezera galimoto, kumusungira malo ogona ndi kumukonzera ndondomeko ya masiku ake onse. Ena mwa makampaniwa adadzakhazikika ku Cape Maclear komweko, monga Kayak Africa imene idatsegula misasa ya alendo pazilumba za Mumbo ndi Domwe. Mlendo wobwera motere amakhala atalipira gawo lalikulu la ndalama zake asanafike pamudzi, kotero kuti zofika m'manja mwa mwini boti, wosema ziboliboli ndi mayi wogulitsa zipatso zimakhala zotsalira. Kulimbirana zotsalirazo kudabala mavuto ake. Anyamata ena ankaunjirira alendo pagombe, ana ena ankathawa sukulu kukapempha ndalama, ndipo chamba, uchidakwa ndi chiwerewere zidalowerera. N'chifukwa chake operekeza alendo adadzipangira bungwe lawo, kuti azigwirizana mitengo, kulandirana alendo mwadongosolo ndi kudziwika kwa akuluakulu a paki.

Vuto lina lidachokera m'madzi momwemo. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka adadwala kwambiri likodzo atasambira ku Cape Maclear, ndipo kafukufuku amene adatsatira adatsimikiza kuti matendawa adalipo pagombeli. Mbiriyo idawanda m'mabuku olangiza apaulendo. Akatswiri ena a za nsomba adaona kuti nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo zidachuluka pa nthawi imene nsomba zodya nkhonozo zidachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'madzi osaya. Ovutika kwambiri sadali alendo, amene amamwa mankhwala akabwerera kwawo, koma ana a m'mudzi amene amasamba m'madziwo tsiku ndi tsiku. Apa zidaonekera poyera kuti thanzi la mwana wa msodzi, moyo wa nsomba ndi malipiro a woperekeza alendo n'zomangika pachingwe chimodzi.

Alendo ena adasiyanso zabwino, monga mwambi umanenera kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chipatala cha Billy Riordan chimene chidatsegulidwa ku Chembe mu 2004 adachiyambitsa ndi mayi wa ku Ireland, Mags Riordan, pokumbukira mwana wake amene adamira panyanjapo mu 1999. Koma mame aja sadaleke khalidwe lawo. Mu April 2020 ndege zochokera kunja zidaimitsidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo maboti onyamula alendo adakhala pamchenga miyezi yambiri. Mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo m'boma la Mangochi.

Amishoni adakhala pa Cape Maclear zaka zisanu ndi chimodzi, ndege zotera pamadzi chaka chimodzi chokha, ndipo alendo a masiku ano amakhalapo masiku owerengeka. Mudzi wa Chembe, umene udali wa mabanja ochepa, tsopano uli ndi anthu oposa 10,000, ndipo iwowa alibe kwina kosamukira mbuna zikatha kapena mapiri akayera. Pachifukwa chimenechi tsogolo la ntchito zokopa alendo pamalowa lagona pa zinthu ziwiri: kuti eni mudzi azilandira gawo looneka la phindu lake, ndiponso kuti ana awo aphunzire mokwanira, kuti pambali poloza njira azithanso kukhala eni makampani, akatswiri a za nsomba ndi olemba mbiri ya kwawo.