Mmene Pluto Anachokera pa Mndandanda wa Mapulaneti

Ambiri mwa ife tinaloweza m'kalasi kuti mapulaneti alipo 9. Womaliza pa mndandandawo anali Pluto, yemwe Clyde Tombaugh anamutulukira m'chaka cha 1930 ku Lowell Observatory, m'dziko la America.

Mu 2005 akatswiri a zakuthambo anapezanso Eris, wamsinkhu wofanana ndi Pluto. Kodi naye awerengedwe, akhale wa 10? Pamsonkhano wa ku Prague mu 2006, bungwe la International Astronomical Union linagamula kuti pulaneti lenileni ndi lomwe linasesa zinthu zina m'njira yake yozungulira dzuwa. Pluto sanakwanitse zimenezi, choncho mapulaneti anatsala 8.

Aphunzitsi athu anatipatsa zomwe zinkadziwika panthawiyo. Ophunzira a lero asamangoloweza nambalayi, koma aziuzidwanso mmene inasinthira.