Ndege yathu imene sitinaikwerepo

Air Malawi inabadwa dziko lathu lisanalandire ufulu. Kampaniyi inakhazikitsidwa mu March 1964, patatsala miyezi yowerengeka kuti mbendera ya Angelezi itsike pa 6 July. Poyamba sinali yodziimira payokha ayi. Inali nthambi ya Central African Airways, kampani imene kuyambira 1946 inkayendetsa ndege za Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, likulu lake lili ku Salisbury, komwe lero timati Harare. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, kampaniyo inabala ana atatu: Air Malawi, Zambia Airways ndi Air Rhodesia. Mu 1967 kholo lija linathetsedwa, ndipo Air Malawi inakhala ya boma la Malawi kwathunthu.

Inayamba ndi tindege tochepa, ma DC-3 ndi ma Beaver, kenako kunabwera ma Viscount ndi ma HS 748. Ntchito yake inalipo ndithu. Masiku amenewo misewu ya tara inali yochepa, mvula ikagwa kumpoto kunkavuta kufikako, choncho ndege inkalumikiza Blantyre ndi madera akutali. Komanso mu 1967 Dr Kamuzu Banda anatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa, zimene atsogoleri anzake a mu Africa ankakana. Izi zinachititsa kuti bwalo la Chileka likhale khomo la anthu opita ndi kuchokera ku Johannesburg, ndipo Air Malawi inapezapo msika umene anzake analibe.

Nanga kwathu kuno ku Kandeu, kwa Ganya, ndege imeneyi inkatikhudza bwanji? Ntcheu ili pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ndiye ife gawo lathu linali kutukula maso basi. Mukafunsa madala a kuno amene anakwerapo ndege ali anyamata, ambiri sakutchulirani Air Malawi. Akutchulirani Wenela, imene inkanyamula amuna kupita nawo ku Francistown kuti akakwere sitima ya kumigodi ya ku Joni. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown pobwera kuno, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi chifukwa cha ngoziyo.

Chaka chomwecho cha 1974, Air Malawi inagula ndege yaikulu ya mainjini anayi, VC10, kuchokera ku British Caledonian, ndipo inayamba ulendo wa ku London. Taganizirani zinthu ziwirizi zikuchitika m'chaka chimodzi. M'midzi muli maliro a anthu ofera m'ndege yonyamula antchito, pamene ku Chileka kukunyamuka ndege ya mbendera yathu kupita kwa Mfumukazi. Ulendo wa ku Londonwo sunakhalitse. Pofika 1979 mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse, VC10 inali yakumwa mafuta kwambiri, ndipo anaiimitsa. Inakhala chigonere pa Chileka zaka zambiri mpaka anaiphwasula.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere kwambiri ndi ya mu April 1985. Kamuzu ankapita ku Britain pa ulendo wa boma, koma dziko linalibe ndege yofika kumeneko. Ndiye anabwereka Boeing 747SP ku South African Airways, naipaka mitundu ndi dzina la Air Malawi, kuti Ngwazi ikatsike ku London m'ndege yooneka ngati yathu. Patapita masabata angapo inabwerera kwa eni ake. Kwathu timadziwa munthu wobwereka suti ya ukwati, ndipo sitimuseka, poti amalipira yekha. Suti iyi analipira ndi anthu amene ankagulitsa thonje ndi chimanga ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma.

Sindikunena kuti zonse zinali zodzionetsera. Mu 1991 kunabwera Boeing 737 yotchedwa Kwacha ndi ATR 42 yotchedwa Shire, ndipo zinagwira ntchito zaka zambiri. Amalawi anaphunzira kuwulutsa ndege, kukonza mainjini ndi kusamalira apaulendo. Luso limenelo ndi chuma, ndipo silinagwe kuchokera kumwamba.

Koma bizinesi ya ndege ili ndi masamu ouma mtima. Mafuta, zipangizo ndi inshuwalansi zimalipiridwa m'madola, pamene matikiti ambiri a kuno amagulidwa m'makwacha. Mafuta athu amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndiye amafika atakwera kale mtengo. Mpando ukanyamuka wopanda munthu, ndalama yake yapita, sungausunge ngati thumba la nandolo kudikira kuti mtengo ukwere. Ndipo ukakhala ndi ndege ziwiri kapena zitatu zokha, imodzi ikapita kokakonzedwa ndondomeko yonse ya maulendo imasokonekera, wapaulendo n'kuthawira kwa Kenya Airways kapena South African Airways osabwereranso.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zambia Airways, m'bale wake uja, inatsekedwa mu 1994. Kuno boma linayesa kangapo kupeza wogula gawo la kampani. Zokambirana ndi South African Airways zinalephereka, za Comair nazonso sizinaphule kanthu, uku ngongole zikukulirakulira. Mu May 2012 kwacha inachepetsedwa mphamvu, ndipo mu November chaka chomwecho boma la Mayi Joyce Banda linalengeza kuti Air Malawi ithetsedwa. Inasiya kuwuluka mu February 2013, antchito ambiri n'kupita kwawo. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, imene pano ndi Malawi Airlines: boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines 49. Inayamba kuwuluka kumapeto kwa January 2014.

Anzanga amene tinali nawo kukoleji amakonda kunena kuti phunziro lake n'lapafupi: chinthu cha boma sichiyenda. Ine ndimawafunsa kuti, nanga amene anabwera kudzatidzutsawo ndi a ndani? Ethiopian Airlines ndi ya boma la Ethiopia yonse yathunthu, kuyambira pomwe inayamba kuwuluka mu 1946. Yadutsa mu ufumu wa Haile Selassie, mu ulamuliro wa asilikali wa Mengistu, mu nkhondo ndi njala, koma lero ndi kampani ya ndege yaikulu koposa mu Africa, ndipo ili ndi gawo ngakhale mu Zambia Airways yatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko oyendetsa kampani anapatsidwa mpata woiyendetsa ngati bizinesi. Kuno nthawi zambiri tinkayamba tafunsa kuti dziko lioneka bwanji, za kuti alipira ndani n'kubwera pambuyo.

Dziko lopanda nyanja ya mchere ngati lathu limafunika ndege, zimenezo sinditsutsa. Wodwala wotumizidwa kunja, wamalonda, mlendo wodzaona Nyanja ya Malawi, onsewa amadalira bwalo la Chileka kapena la Kamuzu ku Lumbadzi. Koma magawo 51 aja ndi athu tonse, kuphatikizapo mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kandeu, amene amalipira msonkho pa sopo ndi mayunitsi koma sanaonepo mkati mwa ndege. Iyeyo ndi mwini kampani. Ali ndi ufulu womva chaka ndi chaka kuti yapindula zingati, yaluza zingati, ndipo m'bodi mwalowa ndani, pa chifukwa chanji. Aphungu athu akamabwera kudzapempha mavoti, funso limeneli tiziliika pamodzi ndi la feteleza ndi la msewu, chifukwa ndalama zake zimachokera m'thumba limodzi.