Chitsulo ndi golide: ngongole imene nyenyezi zimabweza

Chilengedwe chitangoyamba, zaka 13.8 biliyoni zapitazo, kunalibe chitsulo, kunalibe carbon, golide ndiye osanena. Zomwe zinalipo ndi hydrogen, helium ndi lithium wochepa kwambiri. Mu 1948 Ralph Alpher ndi George Gamow ankati moto wa pachiyambi pa chilengedwe ndiwo unapanga maelementi onse, koma masamu awo anakakamira pa helium.

Yankho linali m'kati mwa nyenyezi. Mu 1952 Paul Merrill anapeza technetium m'kuwala kwa nyenyezi zokalamba. Elementi imeneyi imatha m'zaka mamiliyoni ochepa, choncho inapangikira momwemo. Mu 1957 Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle analongosola mmene zimachitikira. Mphoto ya Nobel ya 1983 inapita kwa Fowler, Hoyle n'kusiyidwa, ndipo kwa ine chilungamo sichinayende pamenepo.

Komatu kudziwa za nyenyezi imodzi sikudziwa mbiri ya mlalang'amba wonse. Amene anailimbikira ntchito imeneyi ndi Beatrice Tinsley, mayi wokulira ku New Zealand, yemwe anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 40 zokha. Kawerengedwe kake kali ngati buku la banki mkhonde: nyenyezi imabwereka mpweya, ikafa imabweza ndi chiwongoladzanja cha maelementi olemera, ndipo zobadwa pambuyo pake zimatapa m'thumba lomwelo.

Kawerengedwe kophweka kankayesa mlalang'amba ngati malo otsekeka, osalowa kanthu, osatuluka kanthu. Zikanatero, pafupi ndi Dzuwa pakanadzaza nyenyezi zakale zosauka chitsulo. Sidney van den Bergh mu 1962 ndi Maarten Schmidt mu 1963 anapeza kuti n'zochepa. Kusagwirizanaku ndiko kunatsegula maso akatswiri a zakuthambo: mpweya watsopano wakhala ukugwera mu mlalang'amba wathu kuchokera kunja.

Nthawi yobwezera nayo imasiyana. Okosijeni amachokera ku nyenyezi zikuluzikulu zophulika zisanakhalitse, pomwe chitsulo chambiri chimadikira nyenyezi zing'onozing'ono zotchedwa white dwarf, zophulika mochedwa kwambiri. Poyerekeza okosijeni ndi chitsulo mu nyenyezi, munthu amadziwa ngati dera la nyenyeziyo linabereka nyenyezi mofulumira kapena pang'onopang'ono.

Umboni wa komwe golide amachokera unachedwa kupezeka. Pa 17 August 2017 makina a LIGO ndi Virgo anamva kuwombana kwa nyenyezi ziwiri za neutron mu mlalang'amba wa NGC 4993, ndipo kuwala kotsatira kunaonetsa maelementi olemera akupangika. Lero mkangano uli pa nthawi: kodi kuwombana kotere kunayamba msanga mokwanira kulemeretsa nyenyezi zakale kwambiri?